Mwagula masipika atsopano koma home theater ikuvutabe? Yambani mwaona izi

Dandaulo lake limakhala lomwelomwelo, kaya likuchokera ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Kalimbuka mu Zomba muno. Munthu watopa ndi timasipika timene tinabwera ndi home theater yake, wakwera minibasi kukagula akuluakulu ku Limbe kapena waitanitsa kwa mlamu wake wa ku Joni, walumikiza zonse, koma zinthu m'malo mokoma zanyanya kuipa. Ampu, makina aja opatsa masipika mphamvu, ikuzima yokha mpira uli mkati. Zolankhula za m'filimu sizikumveka. Pabalaza padzaza kaphokoso kong'ung'udza kamene kale sikankamveka. Ambiri amafulumira kunena kuti awagulitsa feki. Feki ilipo ndithu pamsika, koma nthawi zambiri sipikayo imakhala ilibe mlandu: vuto limakhala pa mawaya, pa masetingi, pa magetsi, pa chipinda, kapena poti sipika ndi ampu sizikuyenerana.

Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi vuto lanu. Pa chilichonse ndayamba ndi zimene zimachitikachitika n'kumalizira ndi zosowa, ndiye musadumphe.

## Musanakhudze chilichonse

- Zimitsani ampu ndi kuzula pulagi pakhoma musanamasule kapena kumanga waya wa sipika.
- Sinthani chinthu chimodzi, mvetserani, kenako chinacho. Mukasintha zitatu pakamodzi simudziwa chimene chathandiza.
- Khalani ndi tochi, batire limodzi la 1.5V ngati la mu limoti, komanso malitimita, kachipangizo koyezera magetsi, ngati pali pobwereka.

## Ampu ikuzima yokha kapena ikulemba PROTECT

Ampu ikatero sikuti yafa. Yaona kuti ikukokedwa mphamvu yopitirira muyezo kapena yatentha, ndiye ikudzizimitsa isanapse. Kuiyatsa mobwerezabwereza osachotsa chimene chikuizimitsa ndi kumene kumaipha.

1. Tizingwe ta waya tikugundana. Waya wa sipika amakhala ndi tizingwe tambirimbiri ta kopa. Unikani ndi tochi kumbuyo kwa ampu, pamene mawaya alowera. Kawirikawiri mupeza kachingwe kamodzi, kopyapyala ngati tsitsi, katathawa pa anzake n'kukhudza chomangira chinacho kapena chitsulo cha ampu. Kameneko n'kokwanira. Dulani kumapeto kwa waya, sendani pafupifupi sentimita imodzi, potani tizingweto kuti tigwirane, mangani bwino. Chitani chimodzimodzi kumbuyo kwa sipika. Onaninso polumikiza paliponse pamene munakulunga ndi tepi, pamene waya wapanikizika ndi chitseko, ndiponso m'siling'i ngati munadutsitsa mmenemo, pakuti makoswe amakonda pulasitiki wa mawaya.

Kuti mudziwe waya wolakwa, masulani onse, yatsani ampu. Ikayaka bwino, zimitsani, bwezerani waya mmodzi, yatsaninso, mpaka mupeze amene akuizimitsa.

2. Ma ohm sakugwirizana. Apa ndi pamene ambiri osintha masipika amagwa. Kumbuyo kwa ampu, pafupi ndi pomangira mawaya, pamalembedwa ma ohm (muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi) amene imatha kupirira, monga 6–16 Ω. Kumbuyo kwa sipika pamalembedwanso 4, 6 kapena 8. Nambala ya sipika ikakhala yaing'ono, sipikayo imakoka mphamvu yambiri. Sipika ya 4 ohm pa ampu yofuna 6 kapena 8 imalira bwino voliyumu ikakhala pansi, koma mukangokweza pofika chigoli, ampu thima.

Zimene zimatsitsa ma ohm munthu osazindikira:

- Kumanga masipika awiri pamalo a imodzi. Awiri a 8 ohm amasanduka 4. Awiri a 4 ohm amasanduka 2. Kuteroko kuli ngati kukweza matumba atatu a chimanga pa kabaza n'kumuuza akwere nawo msewu wa Ku Chawe.
- Masipika a m'galimoto oikidwa m'mabokosi opangidwa ndi kalipentala. Ambiri ndi a 4 ohm.
- Timasipika tobwera pamodzi ndi home theater ya DVD, tija ta Sony, LG kapena Samsung. Tambiri timakhala ta 3 kapena 4 ohm, ndipo tinapangidwira makina ake okhawo. Musatisamutsire pa ampu yatsopano ngati ma ohm ake sakuloledwa.

Sipika ikakhala yopanda cholemba, iyezeni ndi malitimita itamasulidwa ku ampu. Ya 8 ohm imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ya 4 ohm imaonetsa cha m'ma 3. Ikaonetsa pafupi ndi 0, koyilo yake, waya wokulungidwa wa m'kati mwake, yapsa n'kugundana, musaimangenso pa ampu.

3. Kutentha. Ampu yotsekeredwa m'displeyi ya magalasi, dikoda itakhala pamwamba pake, kansalu kokongoletsa kataphimba timabowo totulukira mpweya, mu Okutobala: imeneyo siingamalize filimu. Isiyireni mpata wosachepera masentimita 10 pamwamba ndi m'mbali, chotsani zonse zoikidwa pamwamba, pukutani fumbi pa timabowo. Pamwamba pa ampu pakamatentha moti simungasiyepo dzanja, ndiye kuti masipika akuilemera kapena mpweya sukukwana.

4. Magetsi ofooka. Makina ogulitsidwa kuno amayembekezera 230V. Ngati ampu imazima madzulo okhaokha pamene aliyense akuphika, kapena firiji ikangoyamba kulira, kapena wina akayatsa ketulo, kayikirani magetsi. Ichotseni pa ekisitenshoni yotsika mtengo imene yanyamula zinthu zisanu ndi chimodzi, ipatseni soketi yakeyake ya pakhoma. Gadi ya magetsi yoonetsa manambala ikuuzani ngati mphamvu ikutsika. Musalowetse nokha zoyezera za malitimita mu soketi ngati simunazolowere.

Lekani apa ngati ampu ikuzimabe mawaya onse a masipika atamasulidwa. Pamenepo chapsa ndi cha m'kati, ntchito ya mmisiri.

## Kukumveka kung'ung'udza kosalekeza

Ndi kaphokoso kapansipansi, mmmm, kamene kamamveka kwambiri mu sabuwufa, sipika ija ya besi, filimu ikakhala chete. Ndi magetsi a m'nyumba, aja a 50 Hz, amene apeza njira yolowera m'mawu. Timasipika takale sitinkatha kutulutsa mawu otsika chotero, n'chifukwa chake ambiri amakamva koyamba atagula akuluakulu n'kuwanamizira.

Yambani ndi kuzula nthambo zonse zolowa mu ampu, kusiya masipika okha. Kakasiya, bwezerani imodziimodzi mpaka kabwerere.

1. Nthambo yochokera ku dishi kapena ku eriyo. Masulani nthambo imeneyi kumbuyo kwa dikoda. Phokoso likatha pomwepo, mwapeza gwero. Zimachitika chifukwa dikoda, TV ndi ampu zikupeza efi (waya wopititsa magetsi osochera m'nthaka) m'njira zosiyana. Ikani zonse pa soketi imodzi kudzera pa ekisitenshoni yabwino ya mapini atatu. Likapitirira, tengani mawu kuchokera ku TV ndi kebulo ya optical, imene imanyamula kuwala osati magetsi, kotero phokosolo lilibe podutsa. Pali kachipangizo kotchedwa isolator kamene kamathandizanso, koma kaikeni pa nthambo ya mawu ya RCA, yonga zija zofiira ndi zoyera. Pa nthambo ya dishi ayi, chifukwa dikoda imatumiza 13V kapena 18V ku dishi kudzera mmenemo, ndipo mukaitsekereza zithunzi zimatha.

2. Efi mulibe. Masoketi athu ndi a mapini atatu a mbali zinayi. Katundu wa ku Joni amabwera ndi pulagi ya mapini obulungira, ndipo timadaputa tambiri ta pamsika sitilumikiza pini ya efi n'komwe. Ngati pulagi yake inali ya mapini atatu, muuzeni mmisiri aidule aikepo yathu, ya fyuzi, mawaya onse atatu atamangidwa. Alipo amene amalangiza kuchotsa dala waya wa efi kuti phokoso lithe. Pena limathadi, koma tsiku limene china chidzagundane m'kati, amene adzakhudze ampuyo ndiye adzakhale efi. Musayese.

3. Nthambo ya sabuwufa. Nthambo ya RCA yopyapyala yoyenda mamita angapo moyandikana ndi waya wa magetsi imatola phokoso. Zisiyanitseni, ndipo ngati zikuyenera kudutsana zidutsane mopingasa. Ngati ikugwedera polowa, kapena phokoso likusintha mukaigwedeza, gulani ina yonenepa.

4. Inveta kapena jenereta. Phokoso likamabwera magetsi akazima okha, ndipo likumveka lakuthwa, zzzz, vuto ndi inveta. Zotsika mtengo zambiri ndi za modified sine wave, magetsi ake ndi odukaduka, ampu imalira nawo ndiponso imatentha. Palibe setingi yothetsa zimenezi. Pamafunika inveta ya pure sine wave, apo ayi onerani TV yokha mpaka magetsi abwere.

5. Foni, chaja ndi mababu. Tititi-tititi womveka foni isanalire ndi foni yoikidwa pafupi ndi nthambo. Machaja ndi mababu a LED otchipa nawonso amaponya phokoso. Zulani chimodzichimodzi.

Lekani apa ngati kung'ung'udza kukupitirira nthambo zonse zolowa zitazulidwa. Mwina makapasita a m'kati, tizipangizo tosunga magetsi, atha, makamaka pa ampu kapena sabuwufa ya kaunjika.

## Mabomba akugwedeza nyumba koma zolankhula sizikumveka

Limoti sichoka m'manja: anthu akamalankhula mukweze, mfuti zikayamba mutsitse. Ili ndilo vuto limene limabwera kwambiri munthu akasintha masipika awiri a kutsogolo okha.

1. Sipika yapakati yatsalira. Pa 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabuwufa imodzi, pafupifupi zolankhula zonse zimatulukira mu sipika yapakati, ija yokhala pansi pa TV. Ambiri amagula ziwiri zazitali za m'mbali chifukwa ndi zimene alendo amaziona, n'kusiya kakale kaja pakati. Tsopano masipika amasiyana mmene amafuulira pa mphamvu yofanana. Yolembedwa 90 dB ndi yolembedwa 84 dB zasiyana ndi 6 dB, ndipo kusiyana kwa 3 dB kulikonse kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri. Ndiye kuti kasipika ka 84 kakufunika mphamvu yowirikiza kanayi kuti kafanane ndi anzake atsopanowo.

Lowani m'masetingi a ampu, pezani Test Tone, khalani pamene mumakhala poonera, kwezani Center mpaka imveke mofanana ndi zinazo, kenako onjezerani 2 kapena 3 dB. Ampu za Denon ndi Marantz zili ndi Audyssey, za Yamaha zili ndi YPAO, za Pioneer zili ndi MCACC: izi zimadziyeza zokha ndi kamaikolofoni kamene kamabwera m'katoni. Yezaninso nthawi iliyonse mwasintha sipika, ndipo chitani m'nyumba muli zii, osati mvula ikugwa kapena chigayo cha pafupi chikulira.

Zonsezi ndi zongopepukitsa. Mankhwala ake enieni ndi sipika yapakati ya kampani ndi mtundu womwewo wa za kutsogolo.

2. Yabisika. Sipika yapakati yolowetsedwa m'kati mwa shelefu, kumbuyo kwa mafelemu a zithunzi za ukwati, imamveka ngati munthu akulankhulira m'kabati. Ikokereni kutsogolo ifike m'mphepete mwa shelefu. Ngati ili pansi kwambiri, ikani kanthu kunsi kwake chakutsogolo kuti iloze kumakutu osati kumaondo.

3. Ampu yauzidwa zabodza. Ngati mulibe sipika yapakati koma setingi ikuti ilipo, ampu ikutumiza zolankhula kumene kulibe kanthu. Ikani Center pa None, ndipo izigawira ziwiri za m'mbali.

4. Chipinda chikubweza mawu. Imani pakati pa balaza, ombani m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, vuto ndi limenelo. Nyumba zatsopano za matailosi, makoma a simenti osalala ndi mawindo akuluakulu zimabweza mawu kwambiri kusiyana ndi nyumba zakale zokhala ndi matabwa, ndipo sipika yamphamvu imangowonjezera. Yalani kapeti pakati pa TV ndi sofa, ikani makatani olemera, ngakhale shelefu ya mabuku kapena mkeka wokoloweka pakhoma la kumbuyo. Kapeti imodzi imatha kusintha zambiri kuposa sipika ya ndalama zambirimbiri, ngakhale wogulitsa sangakuuzeni.

M'dzinja pali china. Mvula ya ku Zomba ikamamenya malata pa nyumba yopanda siling'i, palibe sipika imene ingapikisane nayo. Yatsani Night Mode kapena Dynamic Range, zimene zimatsitsa zophulika n'kukweza zolankhula. Setingi yomweyi ndi yothandiza usiku ana akagona.

5. Twita yapsa. Ikani khutu pafupi ndi kasipika kakang'ono ka mawu okwera, voliyumu ili pansi. Kakakhala chete, mawu onse amamveka ngati ophimbidwa ndi bulangete. Twita imasinthika payokha, sipafunika kutaya bokosi lonse.

## Besi palibe, kapena yachuluka mosokoneza

### Ikasowa

1. Mawaya atembenuzidwa. Sipika imodzi ikamangidwa chofiira ku chakuda, ikamakankha inzake imakoka, besi n'kumafafanizana. Tsatirani mzere kapena zolemba zimene zili pa mbali imodzi ya waya. Ngati sizikuoneka, masulani waya ku ampu, gunditsani nsonga zake ziwiri pa batire la 1.5V kwa kanthawi kochepa, wina akuyang'ana wufa, sipika yaikulu ya m'bokosimo. Mumva thu, ndipo muona pepala la wufa likutumphira kunja kapena kulowa m'kati. Likatumphira kunja, waya amene ali pa + ya batire ndiye wa chofiira. Masipika onse achite mofanana.
2. Masipika aikidwa pa Large. Ampu zambiri zikauzidwa kuti masipika a kutsogolo ndi Large, poimba nyimbo sizitumiza kanthu ku sabuwufa. Ikani onse pa Small ngakhale ali aatali kufika m'chiuno, crossover (malire a mawu otsika opita ku sabuwufa) pa 80 Hz. Timasipika tating'ono timafuna 100 kapena 120 Hz. Izi zimapeputsanso ampu, siitentha msanga.
3. Sabuwufa ikugona. Switchi ya kumbuyo ikakhala pa Auto, pena siidzuka voliyumu ikakhala pansi. Ikani pa On. Yesaninso switchi ya Phase, pa 0 ndi pa 180, musiye pamene besi ikumveka yodzaza muli pa sofa.
4. Sabuwufa ilibe ampu yake. Ija yobwera ndi home theater ya DVD kawirikawiri ilibe nthambo yopita kumagetsi. Potulukira polembedwa Sub Out kumbuyo kwa ampu yatsopano sipatulutsa mphamvu yoiyendetsa, pamafuna sabuwufa yokhala ndi pulagi yakeyake.

### Ikachuluka

Besi yongoti buu-buu, nyimbo iliyonse kumveka chimodzimodzi, kawirikawiri ndi nkhani ya malo. Sabuwufa yapakona imakula mawu, ndipo sofa yogunda khoma la kumbuyo imakhala pamene besi imaunjikana. Sunthani sofa pang'ono, masipika akuluakulu achoke kukhoma masentimita 30 kapena kuposerapo, makamaka ngati bowo lawo la mpweya lili kumbuyo.

Njira yopezera malo abwino ndi yochititsa manyazi pang'ono, koma imagwira. Ikani sabuwufa pa sofa pamene mumakhala, imbani nyimbo ya besi yomveka bwino, kwawani m'mbali mwa makoma mukumvetsera. Pamene besi ikumveka yoyera, liwu lililonse la gitala losiyana ndi linzake, ndi pamene muike sabuwufa.

Kunjenjemera kwina si kwa sipika. Magalasi a mawindo, mbale za m'displeyi, siling'i yomasuka, malata osakhomedwa bwino, zonsezi zimalira nawo. Gwirani chimodzichimodzi nyimbo ikuimba mpaka phokoso lisiye. Ndipo ngati muli m'nyumba ya lendi yogawana khoma ndi anzanu, dziwani kuti besi imadutsa njerwa mosavuta kuposa mawu ena onse. Ikani labala kapena kapeti wokhuthala pansi pa sabuwufa, musaigunditse khoma limenelo.

## Masipika a kumbuyo ali chete

Yambani ndi Test Tone. Akalira pamenepo, mawaya ndi masipika ali bwino, vuto lili pa zimene zikulowa.

1. Zimene mukuonera n'za mbali ziwiri zokha. Nkhani za pa TV, nyimbo za m'fulashi, mavidiyo ambiri a pa YouTube, zonsezi ndi sitiriyo. Sankhani Dolby Pro Logic II kapena Dolby Surround kuti ampu igawe mawu, kapena All Channel Stereo ngati kuli phwando.
2. Njira imene mawu akudzera. Nthambo zofiira ndi zoyera komanso Bluetooth zimanyamula mbali ziwiri basi. Pa 5.1 pamafunika HDMI, optical kapena coaxial.
3. TV ili pa PCM. M'masetingi a mawu a TV ndi a dikoda, sinthani kuchoka pa PCM kupita pa Bitstream, Auto kapena Dolby Digital.
4. Bowo la HDMI lolakwika. Pa TV, limodzi lokha ndi limene limatumiza mawu ku ampu, lolembedwa ARC kapena eARC. Lowetsani mmenemo, ndipo yatsani Anynet+ pa Samsung, SimpLink pa LG, Bravia Sync pa Sony. ARC inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndiye TV kapena ampu yakale kuposa pamenepo ilibe, gwiritsani optical. Optical imanyamula Dolby Digital ndi DTS ya 5.1, koma Dolby Atmos ayi.
5. Mwamanga pa Surround Back. Pa ampu ya 7.1, ya malo a masipika asanu ndi awiri, ngati muli ndi masipika asanu, awiriwo amapita pa Surround.

Akapanda kulira ngakhale pa Test Tone, yesani batire lija kumapeto kwa waya. Kukakhala zii, waya waduka penapake kapena sipikayo yafa. Pogula wina tengani wa 1.5 mm², kapena 2.5 mm² ngati akupitirira mamita 10. Palani pang'ono ndi mpeni: akaoneka woyera m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa, amathyoka msanga.

## Mawu akusasa kapena kuthetheka

Sinthanitsani kaye masipika, ya kumanzere ipite kumanja. Vuto likatsatira sipika, ndi sipikayo. Likatsala mbali yomweyo, ndi waya kapena ampu.

1. Ampu yafika pomaliza mphamvu zake. Pakatoni palembedwa 5000W PMPO, koma nambala imeneyo ndi yokopera ogula, ilibe muyezo wovomerezeka. Yang'anani RMS, imene ndi mphamvu yeniyeni yopita ku sipika iliyonse. Ampu yaing'ono ikakakamizidwa imadula nsonga za mawu, ndipo mawu odukawo ndi amene amawotcha twita. Ndiye chifukwa chake ampu yofooka imatha kupha sipika yaikulu. Izi zimachitika kwambiri munthu akaika masipika a 8 ohm pa home theater ya DVD yozolowera 3 ohm: mawu amatsika, iye n'kumakweza voliyumu mpaka kumapeto. Bwezerani Bass ndi Treble pakati, ndipo mawu akangoyamba kuuma, tsitsani.

2. Dzimbiri. Chinyezi cha m'munsi mwa phiri, kuyambira mvula ya Novembala mpaka chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chimadetsa kopa. Nsonga za waya zikada kapena kubiriwira, dulani musende pena patsopano. Masipika asagunde khoma limene limanyowa, ndipo mabokosi a MDF, matabwa aja a utuchi wopanikiza, asakhale pansi pamene pamakolopedwa tsiku ndi tsiku, amafufuma n'kumasuka m'makona.

3. Mkombero wa wufa wafumbwa. Chotsani chophimba chakutsogolo, khudzani mkombero wofewa wozungulira wufa. Ukakhala wa siponji wakale, umamata kuchala kapena kuyoyoka ngati ufa wakuda. Kenako kankhani wufa pang'onopang'ono ndi zala zonse mozungulira pakati. Iyenera kuyenda mwakachetechete. Mukamva kukhukhuza, koyilo inatentha n'kupindika. Mkombero umasinthika motchipa. Koyilo amisiri ena amakulunganso, koma mawu ake sabwerera ndendende, ndiye ngati ili ya kutsogolo ndi bwino kusintha wufa yonse.

4. Muli china m'bokosi. Nyamulani mugwedeze. Bowo la mpweya ndi nkhokwe ya ana: zitsekerero za mabotolo, makobidi, makirayoni. Mphemvu nazo zimakonda mmenemo.

5. Chokwezera voliyumu chada. Kuthetheka kukamamveka pochipotoza pokha, ndi fumbi. Mmisiri amachitsuka ndi mankhwala opopera.

## Milomo ndi mawu sizikuyendera limodzi

Mawu akamachedwa, kawirikawiri ndi Bluetooth, lumikizani ndi nthambo. Akamatsogola, TV ikuchedwa kukonza chithunzi: zimitsani zosalazira chithunzi, kapena onjezerani Audio Delay pa ampu pang'onopang'ono mukuyang'ana wowerenga nkhani.

## Sikuyakanso magetsi atabwera kapena mvula itagwa

1. Gadi ikuwerengabe nthawi. Zambiri zimadikira mphindi zingapo. Dikirani nanu.
2. Fyuzi ya mu pulagi. Sinthani ndi ya nambala yomweyo. Ikapsanso, lekani. Kukulunga fyuzi ndi waya kapena pepala lasiliva la ndudu ndi kusamutsira moto m'kati mwa ampu.
3. Makina a 120V kapena 100V. Katundu wochokera ku America ndi wa 120V, wa ku Japan ndi wa 100V. Werengani kumbuyo musanalowetse pulagi koyamba. Adaputa imangosintha mapini, siitsitsa magetsi, pamafunika thiransifoma.
4. Mphenzi. Imalowera ku nthambo ya dishi, n'kudutsa pa HDMI kupita ku TV ndi ku ampu. Nthawi zina ampu imayaka koma mabowo a HDMI okha afa, ndiye optical ikhoza kukupulumutsani. Gadi imateteza ku magetsi okwera ndi otsika, koma mphenzi yogwa pafupi siyiitha. Mitambo ikada kuphiri mabingu n'kuyamba, zulani pulagi ndi nthambo ya dishi yomwe.

Chizolowezi chothandiza: magetsi akazima, zimitsani ampu ndi sabuwufa pakhoma, muziyatse patapita kanthawi atabwera.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana mmisiri

- Fungo la chinthu chopsa, utsi, kapena pulagi yotentha.
- Ampu kapena dikoda ikukugwirani mukaikhudza. Apa itanani wa zamagetsi a m'nyumba wokhala ndi chiphaso, osati wokonza mawailesi, chifukwa vuto likhoza kukhala pa efi ya nyumba yonse.
- Poyatsa pakumveka phu wamkulu ndipo wufa yatumphira kunja osabwerera. Zimitsani msanga, ampu ikutumiza magetsi owotcha sipika.
- Madzi alowa, kaya a denga lodontha kapena a tiyi. Musayatse kuti muone ngati ikugwirabe.
- Chilichonse chofuna kutsegula ampu kapena sabuwufa. Makapasita amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Katundu akakhala ndi waranti, musalole aliyense kumasula sikuluu, bwererani naye kumene munagula ndi lisiti. Popita kwa mmisiri tengani ampu, limoti ndi sipika imene mukuikayikira, mumuuze zimene mwayesa kale. Gwirizanani mtengo asanayambe, ndipo akubwezereni zimene wachotsamo.

## Ngati mwatsimikiza kuti pakufunikadi masipika ena

Jambulani kumbuyo kwa ampu ndi foni musananyamuke, kuti ma ohm muwaone muli m'sitolo. Ngati makina anu ndi aja a DVD a zonse pamodzi, sungani ndalama muyambe ndi ampu, chifukwa masipika abwino sangaoneke ubwino wake pamenepo. Ndalama zikachepa, gulani atatu a kutsogolo a mtundu umodzi, kenako sabuwufa, a kumbuyo pomaliza. Akale aja akhoza kugwirabe kumbuyo ngati ma ohm ake akuloledwa.

Balaza la mamita 4 mbali zonse silifuna masipika a dansi. Aang'ono abwino awiri, yapakati ndi sabuwufa ya mainchesi 8 kapena 10 zimadzaza bwinobwino. M'sitolo akuikirani nyimbo ya besi yambiri pa voliyumu yokwera, poti pamenepo chilichonse chimamveka champhamvu. Tengani fulashi yanu yokhala ndi munthu akulankhula Chichewa komanso kwaya imene mumaidziwa bwino, mumvetsere motsitsa, sipika imodziimodzi. Pa za kaunjika, khudzani mkombero, kankhani wufa, ikani khutu pa twita, ndipo nunkhizani pabowo la mpweya: koyilo imene inapsapo imasiya fungo la vanishi wopserera limene silitha msanga.